Ulendo wa India ku Australia 2020/21: tiziwerenga ma Test okha kapena magemu onse?

Ankolo Test: Abale dzulo tulo tinandithawa nde ndinangoti ndionerenso tsiku lomaliza la ku Gabba, bwalo la ku Brisbane, pa YouTube, lija la pa 19 January 2021, mpaka pano thupi likuchitabe tsemwe. Ine ndakula ndikuonera kiriketi koma ulendo ngati uja wa India ku Australia sindinauonepo. Test yoyamba wathibulidwa 36, kaputeni Virat Kohli wabwerera kwawo, anyamata akungovulala mmodzimmodzi, koma pamapeto chikho ukupita nacho kwanu. Amene akutsutsa abwere poyera tikambirane

Kangalu: Ankolo mwayambanso kkkk. Chaka chilichonse nkhani yanu ndi Gabba Gabba ngati bwalo lina kulibe padziko pano. Mumaiwala dala kuti ulendo uja unali wa magemu 10, ma ODI atatu, ma T20 atatu, ma Test anayi. Inu mumangowerenga anayiwo basi. Nanga ma ODI aja ife a Australia tinawakwapula ku Sydney kawiri motsatizana simumawatchula bwanji

Ankolo Test: Chifukwa palibe amawakumbuka mwana wanga

Kangalu: Ine ndimawakumbuka. Pa 27 November tinamenya 374, patangopita masiku awiri 389, bwalo lomwelo. Steve Smith anafika 100 pa mipira 62 gemu yoyamba, gemu yachiwiri 100 pa mipira 62 kachiwiri ngati wachita kukopera. Bumrah ndi anzake ankangoyang'ana mpira ukuuluka. Zimenezo si kiriketi?

Mlongo Watsopano: Pepani akuluakulu ine ndangolowa kumene pa gulu pano, anandiika ndi achimwene anga. Ndimaonerako pang'ono koma zimandisokoneza. Timu imodzi yomweyo ikupita dziko lina kukasewera mitundu itatu ya gemu? Ndiye wopambana ulendo wonse amadziwika bwanji? Musandiseke chonde

Mlembi: Takulandirani asisi, pano sitiseka munthu, timangoseka Kangalu. Mwachidule zili chonchi. Ova ndi mipira 6. T20 timu iliyonse imamenya maova 20, gemu imatha pa maola atatu ndi pang'ono. ODI ndi maova 50, imadya tsiku lonse. Ziwirizi amasewera ndi mpira woyera atavala zamitundu. Test nde ija ya zovala zoyera ndi mpira wofiira, imatha kufika masiku asanu, timu iliyonse imamenya kawiri, ndipo maova alibe malire, mumamenya mpaka anthu 10 atuluke kapena kaputeni anene yekha kuti zakwana. Za wopambana ulendo wonse, kwa amuna kulibe. Mtundu uliwonse uli ndi chikho chake. Ulendo ujawu Australia inatenga ma ODI 2-1, India inatenga ma T20 2-1, kenako India inatenganso ma Test 2-1, imodzi analepherana. Cha ma Test chija ndi Border-Gavaskar Trophy

Mlongo Watsopano: Masiku asanu nkulepherana?? Aaa

Mlembi: Kkkk eya. Mu Test sikokwanira kukhala ndi ma run ambiri, ngati anzako akumenya komaliza uyenera kuwatulutsa onse nthawi isanathe. Akakanirira mpaka madzulo a tsiku lachisanu ndiye kuti palibe wapambana. Dikirani tifika pa gemu ya ku Sydney mumvetsa

Kangalu: Mwaona nokha asisi, kuwerenga zonse ndi 5 kwa 4. Gemu imodzi yokha kusiyana. Koma mukamva Ankolo akufotokoza mungaganize kuti tinathamangitsidwa mdziko mwathu momwe

Fisi wa T20: Ine ndili mbali ya India koma pa nkhani iyi Kangalu akunena zoona pang'ono. Madala athu a Test amanyoza mpira woyera chonsecho Gabba yomwe amaitamayo inapambanidwa ndi anyamata a mpira woyera. Ganizani bwino. T Natarajan anapita ku Australia ngati woponya wa ku maneti chabe, wongothandiza anzake pokonzekera. Varun Chakravarthy atavulala anamulowetsa mu timu ya T20. Kenako anamuika mu ODI yachitatu ku Canberra, natenga mawiketi awiri, kutanthauza kutulutsa omenya awiri. Mu T20 yoyamba atatu. Umesh Yadav atavulala ku Melbourne anamuitanira ku Test, ku Gabba inningi yoyamba natenga atatu. Munthu kuyamba mitundu yonse itatu pa ulendo umodzi, mmwenye woyamba kuchita zimenezo. Washington Sundar nayenso anabwerera ma T20, anangomusunga kuti aziponya ku maneti. Chipanda ma T20 aja anthu awiriwa akanakhala ali kwawo ku Tamil Nadu akuonera pa TV ngati ife

Ankolo Test: Anawasunga chifukwa cha korona aise, osati chifukwa cha T20 yakoyo. Nthawi imene ija munthu ukafika ku Australia umayenera kukhala masiku 14 pa mbindikiro, nde sikukanatheka kuitanitsa munthu kuchokera ku India lero nkusewera mkucha. Nchifukwa chake anasunga gulu lalikulu

Fisi wa T20: Eya koma anasunga ndani? Anasunga omwe analipo kale. Ndipo analipo chifukwa cha chiyani? Mwayankha nokha Ankolo

Mlembi: Apa Fisi wakugwirani pakhosi madala kkkk

Ankolo Test: Chabwino ndavomera theka. Koma Sundar sanaphunzire kumenya 62 ku T20. Mnyamata uja anakulira mu kiriketi ya masiku ambiri ya kwawo, ali wamng'ono ankadziwika ngati womenya. Taonani mmene anaimira ndi Shardul Thakur timu ili 186 anthu 6 atatuluka, Australia ili ndi 369, aliyense akuti basi zatha. Anawonjezera 123 awiriwo, Thakur 67. Kusiya mipira yakunja, kudikira woipa. Zimenezo ku T20 ungazione kuti, kumene munthu akasiya mpira umodzi masapota amayamba kukuwa

Fisi wa T20: Nanga sikisi ija Sundar anamenya kwa Cummins tsiku lomaliza anaiphunzira kuti? Ku tchalitchi?

Kangalu: Musandikumbutse chonde

Nabanda: Moni nonse, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Funso la mlongo wathu lija mwalidumpha msanga. Mlembi wati kwa amuna kulibe wopambana ulendo wonse, zoona, koma kwa amayi kulipo. Ashes ya amayi pakati pa England ndi Australia kuyambira 2013 amaphatikiza zonse, mapointi. Panopa Test ndi mapointi 4, ODI iliyonse 2, T20 iliyonse 2, Test ikalepherana amagawana 2-2. Mu 2023 ku England anathera 8-8, Australia inapambana Test ku Trent Bridge koma England inatenga ma T20 ndi ma ODI onse 2-1, chikho chinatsala kwa Australia poti ndi omwe anali nacho kale. Gemu iliyonse inali ndi tanthauzo mpaka kumapeto. Amunanu mukanachita zomwezo bwenzi mkangano wa Ankolo ndi Kangalu kulibe

Mlembi: Dikirani ndiwerengere ulendo wathuwu pa njira ya a Nabanda. Australia: ma ODI awiri 4, T20 imodzi 2, Test imodzi 4, yolepherana 2, zonse 12. India: ODI imodzi 2, ma T20 awiri 4, ma Test awiri 8, yolepherana 2, zonse 16. Ndipo chosangalatsa nchakuti asanapite ku Gabba anali 12-12. Kangalu pepa, masamu nawonso akukana

Kangalu: Iwe Mlembi ndimakuyesa mnzanga

Nabanda: Kkkk koma taonani kukoma kwake, 12-12 gemu yomaliza. Ngakhale T20 yachitatu ija Australia inapambana India itatenga kale chikho ikanakhala ndi ntchito

Ankolo Test: Mayi ndimakulemekezani koma izi ayi. England inayesapo zimenezi kwa amuna mu 2016, Sri Lanka ndi Pakistan atabwera, anazitcha Super Series. Ndani pano akukumbuka? Zinafera pomwepo. Vuto ndi lakuti kwa amuna matimu ake amakhala osiyana. Wa Test ena, wa T20 ena, nthawi zina ndi kaputeni yemwe wina. Australia ulendo uja Aaron Finch ankatsogolera mpira woyera, Tim Paine ma Test. Pujara sanasewere ODI olo imodzi, Hardik Pandya anakwera ndege ma Test asanayambe. Nde mukaphatikiza mapointi mukuphatikiza ntchito ya anthu omwe ena sanakhalepo mchipinda chimodzi. Amayi zimawayendera chifukwa ambiri ndi omwewo mitundu yonse, ndiponso Test amasewera imodzi yokha. Ma T20 awiri a maola atatu atatu kulingana ndi masiku asanu a Pujara akumenyedwa mnthiti? Ine ayi

Nabanda: Pa za Test imodzi mukunena zoona, ndipo chimenecho nchodandaulitsa pachokha, amayi akanapatsidwa ma Test ambiri. Koma za anthu osiyana sindikuvomereza kwenikweni. Mbendera ndi imodzi, kochi Ravi Shastri anali yemweyo kuyambira Sydney mpaka Brisbane. Ndipo Fisi wangotionetsa kuti anthu amadutsa kuchoka uku kupita uko

Mlongo Watsopano: Ndikutsatira pang'onopang'ono. Koma za 36 zija zinatani? Timu yonse 36?

Kangalu: Eeeh asisi mwafunsa funso labwino kwambiri pa gulu lonse lino, khalani pansi ndikuuzeni. Adelaide, Test ya usana ndi usiku, mpira wa pinki. India inamenya 244, ife 191, nde anali patsogolo ndi 53, akudzimva. Tsiku lachitatu masana Hazlewood ndi Cummins anangodzuka bwino. Mpira uliwonse ukungopsopsona bati nkugwera mmanja mwa Paine. Hazlewood mawiketi 5 kwa ma run 8 okha, Cummins 4 kwa 21. Palibe mmwenye anafika 10, wamkulu anali Mayank Agarwal ndi 9. Kohli 4. Womaliza Shami mpira wa Cummins unamuthyola dzanja. 36. Chiyambireni India sinatsikepo chonchi, yakale inali 42 ku Lord's mu 1974. Tsiku limenelo ndinayenda ngati dziko ndi langa

Fisi wa T20: Unayenda sabata imodzi yokha kkkk

Ankolo Test: Ndipo apa mpomwe pali nkhani yonse. Kohli anali atanena kale kuti akatha Adelaide abwerera kwawo poti mkazi wake amayembekezera mwana woyamba. Nde taganizani, womenya wanu wamkulu wapita, Shami wathyoka, Ishant Sharma sanabwere nkomwe, dziko lonse likukusekani, akatswiri a pa TV ambiri akuti 4-0. Amene akutenga utsogoleri ndi Rahane, yemweyo anachititsa kuti Kohli atuluke pa 74 ku Adelaide atasokonezana pothamanga. Munthu wofatsa, salankhula zambiri. Pa 26 December ku Melbourne anatulutsa Australia pa 195, iye nkumenya 112. Ine pa ma 100 onse a ulendo uja, kuphatikiza a Smith aja a mipira 62, iyi ndi yomwe inali yolemera. Anapambana ndi mawiketi 8, ndendende mmene anagonjera ku Adelaide. Gill ndi Siraj inali Test yawo yoyamba

Nabanda: Siraj amandimvetsa chisoni mpaka lero. Bambo ake anamwalira ku Hyderabad mu November iye ali pa mbindikiro ku Sydney. Anamupatsa mwayi wobwerera kumaliro koma malamulo a korona akanamutsekera kunja, anasankha kutsala. Maliro a bambo ako osaponyako dothi abale. Nyimbo ya fuko ikuimbidwa ku Sydney misozi ili mbwembwembwe. Kenako bwalo lomwelo anthu ena nkumamunyoza, mpaka gemu inaima apolisi nkutulutsa kagulu ka anthu

Kangalu: Icho nchamanyazi, sindingaikire kumbuyo

Mlembi: Pa Melbourne pali kanthu kena anthu amaiwala. Australia inachedwa kumaliza maova ake nde ICC, bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse, inawalanda mapointi 4 a World Test Championship. Timapointi timeneto ndi tomwe tinawamanitsa fainolo ya 2021, New Zealand nkulowa, nkukamenya India ku Southampton. Nde a Nabanda mapointi alipo kale mwa njira ina, kungoti Test ili ndi ligi yake, ndipo ma ODI aja ankawerengedwa mu Super League yopitira ku World Cup ya 2023. T20 yokha ndi yomwe inalibe poikoleka

Fisi wa T20: Inalibe poikoleka koma inali ndi drama kuposa ma ODI. Mwaiwala Canberra? Jadeja wamenya 44 osatuluka, mpira wa Starc wamugunda chipewa mu ova yomaliza, komanso anali akutsimphina kale mwendo. Pa nthawi yopuma India ikuti mutu wasokonekera, alowe Chahal mmalo mwake. Justin Langer, kochi wa Australia, kukalipira David Boon, woyang'anira gemu, pamaso pa makamera. Chahal yemwe sanali mu timu nkutenga mawiketi atatu nkukhala katswiri wa gemu kkkkk

Kangalu: Kuba kwa masana. Jadeja ndi womenya komanso woponya, Chahal ndi woponya yekha. Lamulo limati wolowa afanane ndi wotuluka. Amafanana pati?

Mlembi: Boon anaona kuti chotsala chinali kuponya basi, ndipo onse ndi oponya sipini. Lamulo linatsatidwa. Kuti linakukomera kapena ayi ndi nkhani ina

Kangalu: Chabwino. Koma poti mwatchula kuvulala, ine mfundo yanga yeniyeni ndi iyi, ndipo Fisi umve bwino. Ukuti mpira woyera unapatsa India anthu. Ife unatilanda. David Warner anavulala mphechepeche akudumphira mpira mu ODI yachiwiri, gemu yoti tinali titaunjika kale 389. Ma Test awiri oyamba sanasewere, atabwera ku Sydney ankathamanga ngati nkhalamba. Ku Melbourne tinavutika kutsogolo chifukwa cha chimenecho. Nde ulendo wa mitundu itatu uli ndi mtengo wake. Anthu achoka ku IPL, ligi ya T20 ya India, yomwe chaka chimenecho inathera ku Dubai, fainolo pa 10 November, molunjika mu hotela masiku 14, pa 27 ayamba kale ODI, magemu 6 pa masiku 12, kenako ma Test anayi pa mwezi umodzi. Thupi la munthu si chitsulo. India yomweyo inagwiritsa ntchito anthu 20 pa ma Test anayi, mukuganiza zinangochitika?

Ankolo Test: Apa ndiye walankhula ngati munthu wamkulu. Ndipo onjeza kuti gemu yokonzekera ma Test yoyamba, ija ya India A ndi Australia A, inkaseweredwa masiku omwewo a ma T20. Rahane ndi Pujara ali bwalo lina, Kohli ali bwalo lina, mzinda umodzi. Kale timu ikapita ku Australia inkazungulira kusewera ndi matimu a zigawo milungu ingapo isanakhudze Test, kuti izolowere mmene mpira umadumphira kumeneko komanso mpira wa Kookaburra, poti kwawo amasewera ndi SG. Pano nthawi imeneyo inadyedwa ndi ma ligi

Fisi wa T20: Ma ligi omwewo ndi amene anatulutsa Natarajan Ankolo. Anamuona akuponya ma yorker, mipira yolunjika kumapazi, ku timu ya IPL ya Sunrisers Hyderabad

Ankolo Test: Iwe usandibwezere pomwe tachoka

Mlongo Watsopano: Mlembi munati mundifotokozera za Sydney

Mlembi: Eya asisi. Test yachitatu, India ikufunika 407 kuti ipambane, zinthu zosatheka kwenikweni. Tsiku lomaliza Pant anangoyamba kumenya ngati wapenga, 97, Pujara mbali inayo 77, mpaka anthu anayamba kuganiza kuti mwina zitheka. Onse atatuluka panatsala Hanuma Vihari yemwe mnofu wa ntchafu unang'ambika, sangathamange, ndi Ashwin yemwe msana unali utagwira. Wotsatira anali Jadeja chala chachikulu chothyoka, atavala kale zomenyera akudikira. Nde awiriwa anangoti sitipambana koma sitituluka. Vihari mipira 161 ma run 23. Ashwin mipira 128 ma run 39. Maola oposa atatu akungotchinga, mipira ikuwagunda pachifuwa, mpaka Australia inatopa nkugwirana chanza. Mukaona pa pepala mungati gemu yotopetsa. Ine sindinakhale pansi

Mlongo Watsopano: Ndiye kuti kulepheranako kwa India kunali ngati kupambana

Mlembi: Mwamvetsa kale kuposa Fisi

Ankolo Test: Ndipo mpomwe Paine anataya makatchi atatu tsiku limodzi, nkumalankhula kumbuyo kwa mawiketi kuuza Ashwin kuti akumudikira ku Gabba, maikolofoni nkugwira zonse. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Unamutsatadi sabata yomweyo

Kangalu: Anapepesa mawa lake. Ndipo anali ndi chifukwa chodzitamira, ku Gabba tinali tisanagonjeko kuyambira 1988 pomwe West Indies ya Viv Richards inatimenya. Zaka 32

Ankolo Test: Nde taonani omwe anabwera kudzagwetsa linga limenelo. Bumrah kulibe, Ashwin kulibe, Jadeja kulibe, Shami, Umesh, Vihari, onse kuchipatala. Mtsogoleri wa oponya ndi Siraj, Test yake yachitatu. Saini yachiwiri ndipo anavulala gemu ili mkati. Thakur yachiwiri. Natarajan ndi Sundar yoyamba. Mbali inayo Starc, Cummins, Hazlewood, ndi Lyon akusewera Test yake ya 100. Wiketi yoyamba ya Sundar pa moyo wake mu Test ndi Steve Smith. Siraj inningi yachiwiri 5 kwa 73. Mlendo ndi uja amabwera ndi kalumo kakuthwa

Fisi wa T20: Tsiku lomaliza, India ikufunika 328 kuti ipambane. Aliyense akuti angotchinga ngati ku Sydney poti kulepherana kunali kokwanira kusunga chikho chomwe India inali nacho kale. Gill wa zaka 21 nkuyamba kumukoka Starc, 91. Kenako Pant. Ine ndimati Pant uja ndi mwana wa T20 ndipo palibe angandiuze zina, munthu woleredwa ndi Test yekha sakanayesa nkomwe kuthamangitsa ma run amenewo pa pichi yong'ambika ya tsiku lachisanu. 89 osatuluka, folo yomaliza kwa Hazlewood, maova atatu okha atatsala

Ankolo Test: Pant anamenya chifukwa Pujara anali atawafooketsa. Mipira 211, ma run 56, kugundidwa chipewa, nthiti, zala, osasuntha. Cummins yemwe anatenga mawiketi 21 nkusankhidwa katswiri wa mpikisano anafika madzulo miyendo italemera. Chotsani Pujara, Pant akanalowa mmawa mpira uli watsopano oponya ali ndi mphamvu, bwenzi tikukamba zina

Nabanda: Nde mwagwirizana osadziwa. Wina akuti Pujara wina akuti Pant, onse anali timu imodzi tsiku limodzi

Fisi wa T20: Sitinagwirizane mayi, Ankolo akufuna ndinene kuti T20 ndi masewera a ana

Ankolo Test: Sindinanene. Ndimangoganiza

Kangalu: Mwamaliza chikondwerero chanu? Tsopano tikambe za 2024/25. Anabweranso, ma Test asanu, opanda ODI opanda T20, Kohli alipo, Bumrah alipo. Zinatha bwanji? 3-1, chikho chinabwerera kwathu patatha zaka 10. Ankolo imeneyo simuionera pa YouTube tulo tikathawa?

Ankolo Test: Intaneti imavuta ndikafika pamenepo

Mlembi: Kkkkkk. Koma Kangalu wadzibaya wekha. Ulendo wa mitundu itatu India inapambana, wa ma Test okha inagonja ngakhale inayamba ndi kupambana ku Perth ndi ma run 295 ndipo Bumrah anatenga mawiketi 32. Fisi atenga imeneyo ngati umboni

Fisi wa T20: Ndatenga kale

Kangalu: Umboni wa chiyani, maulendo awiri okha? Nanga 2018/19 anapambana 2-1 chifukwa Smith ndi Warner anali pa chilango pa nkhani yokwecha mpira ndi sandpaper, imeneyo muiika mbali iti

Nabanda: Imeneyonso inali ya mitundu itatu achimwene, anayamba ndi ma T20

Kangalu: Gulu lino lili ndi chiwembu

Mlembi: Ine maganizo anga, osati a masamu, ndi akuti chofunika ndi dongosolo lake. Mpira woyera ukayamba, alendo amakhala mdzikomo milungu itatu asanakhudze Test, azolowera nyengo, tulo, mabwalo, ndipo ulendo umakwera kupita ku chinthu chachikulu. Ma Test akayamba, ma ODI obwera pambuyo amakhala ngati mbale zotsuka phwando litatha, akuluakulu apita kwawo kukapuma, otsala akungomaliza ntchito. Tangoganizani Gabba itatha nkuti mawa kuli ODI ku Canberra. Ndani akanaonera

Fisi wa T20: Ine

Ankolo Test: Iwe umaonera chilichonse chokhala ndi nyimbo pakati pa maova

Kangalu: Ndipo Gabba yanuyo inasiya kukhala nkhani, West Indies inatimenyanso pomwepo mu January 2024, Shamar Joseph mawiketi 7 chala chakuphazi chili chophwanyika, ma run 8 okha kusiyana. Aliyense akungobwera kudzatola

Nabanda: Ukudzinyoza wekha tsopano kkkk

Kangalu: Ndatopa mayi

Mlongo Watsopano: Zikomo nonse ndaphunzira zambiri. Ndiyambe kuonera iti pa magemu 10 aja? Data yanga ndi yochepa

Kangalu: Adelaide tsiku lachitatu, ndi yaifupi, simuononga data

Fisi wa T20: T20 yachiwiri ku Sydney, Pandya 42 pa mipira 22 akuthamangitsa 195. Ndipo atapatsidwa mphoto ya katswiri wa ma T20 anati woyenera ndi Natarajan nkumupatsira

Ankolo Test: Musamvere ana awa. Yambani ndi Adelaide yomweyo Kangalu akunena kuti mumve kuwawa kaye, kenako Melbourne, Sydney, Gabba motsatana, osadumpha. Mukamaliza muonenso pomwe Rahane akupereka jezi yosainidwa ndi timu yonse kwa Nathan Lyon gemu itatha

Mlongo Watsopano: Ankolo ndati data ndi yochepa

Adimini: Amene ali ndi maulalo a ma highlights amutumizire mlongoyu ku inbox, musadzaze nawo pano. Ndipo Kangalu chithunzi cha 36 chija wachiikanso pa gulu kachitatu mwezi uno, ndachichotsa